Tikudikira ku Hedi Ofesi

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinali kalaliki pa depoti ya kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi pa Dedza boma. Dzina lake sinditchula, chifukwa nkhaniyi si ya kampani imodzi. M'zaka zonsezo panali mawu amene ankatuluka pakamwa panga kawirikawiri kuposa moni: "Pepani, tikudikira ku hedi ofesi." Zikamveka kuti mtengo wa feteleza wasintha, tikudikira ku hedi ofesi. Mlimi akabweza mbewu yofumbwa, tikudikira ku hedi ofesi. Tsiku lina loko wa pa nyumba yosungiramo katundu anathyoka, ndipo ine ndi mlonda tinagona pakhomopo masiku anayi, kuyembekezera kuti munthu wa mumzinda avomereze kugula loko wina, amene tinkamuona ali pashelefu m'sitolo ya kutsidya kwa msewu.

Za loko zinapita. Chimene sichinandichoke mumtima ndi Febuluwale wina.

Amene munalimapo kachewere kuno ku Bembeke mukudziwa mmene chiwawu, matenda owoletsa masamba a mbewuyi, chimabwerera. Mvumbi ukagwa masiku atatu osakata, nkhungu n'kumakhala pansi mpaka masana, mlimi sapeza tulo. Chaka chimenecho mvumbi unayamba kumapeto kwa Januwale, ndipo mankhwala opopera anatha pa depoti yathu m'masiku awiri okha. Amene anagawa katundu anapereka makatoni ofanana ku depoti iliyonse, ngati kuti dziko lonse limalima mbewu imodzi. Choncho ku depoti ina ya kunyanja, kumene kachewere salimidwa n'komwe, makatoniwo anangounjikidwa pakona, akuchita fumbi. Mkulu wa kumeneko ndinalankhula naye pafoni, ndipo anati, "Achimwene, bwerani mudzatenge ngakhale lero, akungonditsekera malo." Galimoto ikanatsika msewu wa Khwekhwerere m'mawa, pofika masana ikanakhala itabwerako. Koma katundu sachoka pa depoti ina kupita pa ina popanda fomu yosainidwa ndi kudindidwa kulikulu. Wosainayo anali ku msonkhano kunja kwa dziko. Wachiwiri wake anaopa kusaina. Fomu inagona patebulo masiku 19.

Mayi ena ochokera kuseri kwa Bembeke anabwera Lolemba, ndinawabweza. Anabweranso Lachinayi, ndinawabwezanso. Ulendo wachitatu sanafunse n'komwe za mankhwala. Anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kuyala masamba asanu pa kauntala. Anali ndi zigamba zakuda ngati awauka ndi moto, m'mbali mwake mwachikasu, ndipo nditatembenuza limodzi, kunsi kwake kunali tinthu toyera ngati ufa wonyowa. Fungo lake linali la chinthu chimene chayamba kale kuwola. Mayiwo sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo, awa muwatumize kwa a hedi ofesiwo. Mwina sanaonepo."

Ndinawaika mu envulopu pamodzi ndi lipoti la sabata imeneyo, n'kulembapo kakalata. Yankho silinabwere. Mankhwala atafika, minda yambiri ya kumtunda inali itada kale, mbewu zitagona pansi. Mayi aja sindinawaonenso.

Patapita zaka ndinakumana nawo osaina aja pa maphunziro ena. Ndinkayembekezera munthu wodzikweza, koma ndinapeza bambo aulemu, ogwira ntchito mpaka usiku. Chiwawu anali asanachionepo ndi maso. Kwa iwo Dedza inali mzere umodzi pa kompyuta, pakati pa Chitipa ndi Dowa. Pawindo la ofesi yawo pankaoneka magalimoto ndi denga la banki. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuda munthu, ndinayamba kufunsa za malo: n'chifukwa chiyani mpando woweruza za kachewere uli kumene kachewere amafika atatsala pang'ono kulowa pachiwaya?

Yankho lake ndi lakale kuposa kampani imene ndinkagwirako. Amishoni a ku Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876, n'kutcha malowo dzina la kwawo kwa David Livingstone. Patangopita zaka ziwiri kunabadwa kampani imene inadzatchuka ndi dzina loti African Lakes, imene makolo athu ankaitcha Mandala chifukwa cha magalasi amene John Moir ankavala, ndipo nyumba yawo ya mu 1882 ilipobe mpaka lero. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, nthawi yomwenso kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe. Mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, sitima inkachoka ku Limbe mpaka kudoko la Beira osatsitsa katundu pamtsinje. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya, thonje, zonse zinkadutsa pamenepo. Pomwe pali katundu pamabwera banki, pomwe pali banki pamabwera loya ndi wa inshuwalansi, kenako hotela yoti onsewa azidyeramo. Boma linali ku Zomba, koma ndalama zinali ku Blantyre.

Tisaiwale kuti Blantyre nayonso inkadikira. Eni ake a Mandala anali ku Glasgow, a Imperial Tobacco ku Bristol. Kalaliki wa pa Mandala zaka 100 zapitazo ayenera kuti ankalankhula mawu anga omwe aja, kungoti yankho lake linkawoloka nyanja yamchere.

Njanji ija itapitirira kulowera ku Salima, inadzera kunsi kwa mapiri, ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Pamwamba pano siinakwere. Nthawi zina ndimaganiza kuti tsogolo la tawuni yathu linalembedwa pang'ono pamenepo.

Kamuzu Banda atachotsa likulu la dziko ku Zomba, Lilongwe n'kukhala likulu mu 1975 atamangidwa ndi ngongole ya ku South Africa, chimodzi mwa zifukwa zimene zinkanenedwa chinali chakuti chitukuko chisaunjikane kummwera kokha. Zina zinasamukadi. Reserve Bank inayambira ntchito ku Blantyre mu 1965, ndipo likulu lake linapita ku Lilongwe mu 1981. Fodya anatsatira alimi ake a m'chigawo chapakati, Kanengo n'kudzaza ndi okushoni ndi mafakitale. Kampani ya Limbe Leaf, ngakhale dzina likunena Limbe, likulu lake lili ku Kanengo. Standard Bank ndi Airtel ali ku Lilongwe. Koma National Bank, NICO, TNM, ESCOM, msika wa masheya, ngakhale MRA ya misonkho, onsewa ali ku Blantyre. Illovo ili ku Limbe. Nzimbe zimalimidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, malo awiri otalikirana makilomita mazanamazana, koma mpando wa shuga uli ku Limbe.

Ndiye m'malo mwa mzinda umodzi tinakhala ndi iwiri, ndipo ife a Dedza ndi Ntcheu tinapezeka pakati, m'mphepete mwa msewu wa M1. Lachisanu madzulo mudzaime pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off muone. Magalimoto oyera a makampani amaima, galasi n'kutsika, amayi n'kuthamangira ndi ndowa zawo. Dalaivala amagula kachewere, kabichi, karoti, tomato, abwana ali kumbuyo pafoni. Mphindi khumi sizikwana, apita. Amalipira pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni, n'kupitirira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 m'boma la Dedza ndi oposa 650,000 ku Ntcheu. Anthu pafupifupi miliyoni ndi theka, odyetsa mizinda iwiri, koma pa makampani onse a pa msika wa masheya palibe ndi imodzi yomwe imene likulu lake lili kuno. Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene anatsegulidwa mu 2022. Ndi chinthu chabwino ndipo ndimachinyadira. Kampani imene inamanga, JCM Power, kwawo ndi ku Toronto, ndipo wogula magetsiwo ali ku Blantyre.

Si kuti kuno sikubadwa anthu otha kuyendetsa zinthu. Malemu John Tembo, mwana wa Dedza, anali gavanala wa Reserve Bank kuyambira 1971 mpaka 1984. Malemu Saulos Chilima a ku Nsipe anayendetsa Airtel asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2014. Sekondale ya Dedza, Box 48 ija, yatulutsa madokotala, mainjiniya ndi akuluakulu a makampani osawerengeka. Mwana akakhoza bwino timamuperekeza pa siteji ndi thumba la kachewere ndi nkhuku, ndipo kuchokera pamenepo timamuona pa Khrisimasi ndi pa maliro. Sitingamuimbe mlandu. Mpando umene anauphunzirira kuno kulibe.

Bambo anga anagwira ntchito yoyendetsa lole zaka zoposa makumi awiri kwa kampani ina imene inali ndi nthambi kuno. Atapuma, ndalama zawo zinafuna saini ya ku Blantyre. Anapita katatu. Ulendo wachiwiri ndinawaperekeza, ndili mnyamata wa Fomu 3. Tinafika ofesi atatseka, tinagona pa benchi pa Wenela, iwo atatsamira envulopu ya mapepala kuti isabedwe. M'mawa anasamba kumaso ndi madzi a m'botolo, anavala jekete yawo ya ku tchalitchi, ndipo pa geti mlonda anawafunsa kuti, "Madala, muli ndi apointimenti?" Munthu amene ananyamula katundu wa kampaniyo kwa theka la moyo wake anaima panja pa nyumba yake ngati wopempha. M'katimo munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa nkhope yawo. Kuno ku nthambi aliyense ankawadziwa, mpaka mayina a ana awo, koma odziwawo analibe chidindo.

Ndingakhale wabodza nditanena kuti abwanawo amasankha mzinda chifukwa chongokonda magetsi a mumsewu. Zifukwa zawo n'zolemera. Ntchito ya likulu si kulima kapena kupanga, ndi kulankhula ndi anthu: wa ku banki woti akupatse ngongole kapena ndalama zakunja zoitanitsira feteleza, wa ku unduna woti asaine chilolezo, loya, owerengera ndalama, ogula zambiri. M'dziko ngati lathu, limene ndalama zakunja zimasowa, amene amatha kugogoda pa ofesi ya mkulu wa banki m'mawa uliwonse ndiye amapeza madola, wa kutali amauzidwa pafoni kuti ayimbenso mawa. Nkhani zambiri sizithera pa msonkhano, zimathera pa nkhomaliro, pa ukwati wa mwana wa mnzawo, pa bwalo la gofu. Palinso za pakhomo. Akauntanti wabwino ali ndi mkazi kapena mwamuna amene nayenso ali pa ntchito, ali ndi ana ofuna sukulu, ali ndi mayi odwala shuga ofuna dokotala pafupi. Mukamuuza kuti ntchito ili ku Dedza amafunsa za nyumba, za madzi, za intaneti, kenako amakana mwaulemu. Kampani imapita kumene kuli anthu otere, anthu otere amapita kumene kuli makampani, mfundo n'kumangika.

Ndipo mumzinda momwemo mulinso kusankha. Ku Blantyre mabanki ali cha ku Victoria Avenue ndi Henderson Street, mafakitale ali ku Makata, Chirimba ndi Ginnery Corner, ku Ndirande ndi ku Bangwe kumachokera antchito. Ku Lilongwe akuluakulu ali ku City Centre, kufupi ndi Capital Hill, fumbi ndi malole zili ku Kanengo, ndipo makampani ang'onoang'ono ndi mabungwe alowa m'nyumba za ku Area 47 ndi Area 10, chipinda chogona chasanduka ofesi ya akauntanti. Abale athu a ku Joni amanena zomwezo: makampani anachoka pakati pa Johannesburg kupita ku Sandton, ndipo msika wa masheya unawatsatira mu 2000. Ngakhale Boeing, kampani yopanga ndege ija, mu 2001 inachotsa likulu lake ku Seattle, kufupi ndi mafakitale ake aakulu, kupita ku Chicago, kenako mu 2022 inapita ku Arlington, pakhomo pa boma la America ndi asilikali ake, amene amaigula zambiri. Anthu akhala akuidzudzula kuti inatalikitsa mabwana ndi amisiri. Nditamva zimenezo ndinakumbukira envulopu yanga ya masamba ija.

Ena amati masiku ano pali foni ndi intaneti, mtunda suli kanthu. N'zoona kuti chithunzi cha tsamba lodwala chingafike mumzinda pa WhatsApp nthawi yomweyo. Mu 2020, matenda a Covid atavuta, tinaona mabwana akuchititsa misonkhano ali kunyumba. Koma chithunzi sichinunkha, ndipo foni yomweyo yapangitsa kuti mkulu wa nthambi, amene kale ankatha kuganiza yekha chifukwa kalata inkachedwa, lero aziyimba kulikulu ngakhale pa nkhani ya tsache.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti likulu silipita lokha. Malipiro aakulu amalandiridwa kumeneko, n'kudyedwa komweko. Mayunifolomu athu a pa depoti ankasokedwa mumzinda, pomwe telala anali khomo lachitatu kuchokera pa ife. Mabuku a malisiti ankadindidwa mumzinda. Denga litadontha anatumiza mmisiri wa mumzinda, ndi alawansi ya masiku atatu, kudzakhoma malata awiri, akalipentala a pa boma akuonerera. Ndalama imene alimi ankasiya pa kauntala yanga m'mawa, pofika 3 koloko inali italowa ku banki, ndipo usiku inkagona mu akaunti ya kulikulu. Dedza inkangoigwira maola ochepa, monga timanyamulira mwana wa mlendo mayi ake akamamanga chitenje.

Palinso china chosaoneka ndi maso. Munthu ukakhala zaka zambiri ukudikira yankho la wina, umaleka kufuna lako. Ndinaziona mwa ine. Chaka changa chachisanu ndi chimodzi, mlimi atandifunsa chinthu chimene ndinkachidziwa bwino lomwe, pakamwa panga panatuluka kuti, "Ndifunse kaye." Usiku umenewo sindinagone bwino. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, makhonsolo alipo, koma pa nkhani ya malonda mphamvuzo sizinatsike.

Komatu si lamulo la Mulungu kuti zikhale chonchi. Ku Denmark kuli tawuni ya Billund, ya anthu ochepa kuposa a pa Dedza boma. Kalipentala wina, Ole Kirk Christiansen, anayamba kupanga zidole za matabwa kumeneko mu 1932. Kampani yake, Lego, lero imagulitsa dziko lonse lapansi, ndipo likulu silinachoke. Itafuna bwalo la ndege inayambitsa lake pomwepo, ndipo lero ndi lachiwiri kukula m'dzikomo. Koma chimene chimandifika pamtima ndi cha ku Anand, ku India, chifukwa n'cha alimi. Alimi a mkaka kumeneko ankagulitsa kwa kampani imodzi imene inkatumiza mkakawo ku Bombay n'kumadula yokha mtengo. Mu 1946 anakhazikitsa kopaletivi yawo, imene lero imadziwika ndi dzina loti Amul. Yakula mpaka kukhala ya alimi mamiliyoni, koma likulu likadali ku Anand, ndipo boma la India litakhazikitsa bungwe loona za mkaka m'dziko lonse mu 1965, linaliika ku Anand komweko, osati ku Delhi. Kwathu kuno, mgwirizano wa alimi a khofi a kumpoto uli ku Mzuzu. Ndipo pa Dedza pompano, Dedza Pottery yakhala ikuumba mbale ndi makapu kuyambira 1987. Uvuni, sitolo ndi ofesi zili pamalo amodzi, ndipo a mumzinda ndi amene amapatuka pamsewu kudzagula.

Palibe mwa izi imene inachokera mumzinda n'kusamukira kumudzi chifukwa cha chifundo. Zinabadwira pomwepo, oziyambitsa ankagona pomwepo, ndipo zitakula zinakana kuchoka. N'chifukwa chake ine ndinaleka kulota kuti tsiku lina banki yaikulu idzamanga nsanja yake patsinde pa phiri la Dedza. Chimene ndingachigwire ndi manja ndi tathu timene tikuyambitsati: tikadzayamba kuyenda, chidindo chidzagona kuti?

Funso limeneli linandipeza ine mwini chaka chatha. Nditasiya ntchito ya pa depoti ndinabwerera kumunda, ndipo ndi anzanga a m'midzi itatu tinayambitsa kopaletivi ya kachewere. Tinayamba anthu 23, pano tapitirira 100. Timasankha mbatata, kuika m'matumba malinga ndi kukula kwake, n'kutumiza ku mahotela ndi masitolo a ku Lilongwe osadzera kwa mavenda. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za malonda, ndiye amatiyendera mumzinda.

Tsiku lina anabwera nkhope itagwa. Wogula wina wamkulu anamufunsa kuti ofesi yanu ili kuti. Atayankha kuti ku Bembeke, munthuyo anangoti, "Oho," n'kutseka fayilo. "Amalume," anatero mphwanga, "anthu aja sakhulupirira gulu limene sangalifikire pa mphindi makumi awiri. Tichite lendi chipinda ku Area 47, pa makalata athu tilembe kuti likulu ndi Lilongwe. Chidindo ndi cheke buku zikhale ndi ine, mapepala azisainidwa tsiku lomwelo. Mbatata ndi yomweyo, alimi ndi omwewo, chavuta n'chiyani?"

Sindinamuyankhe msanga, chifukwa ankanena zoona. Kuchoka ku Lilongwe kudzafika kuno ndi makilomita oposa 80, ndi ndalama ya minibasi, ndi tsiku lathunthu. Ndipo mnyamatayo si wakuba, ndinamulera ndekha.

Tinaitanitsa msonkhano m'kalasi ya pa pulayimale Loweruka masana. Munali mu Juni, chisanu chija cholowa m'mafupa, mawindo opanda magalasi, anthu atafunda zitenje pamwamba pa majekete. Achinyamata ambiri anali mbali ya mphwanga. Ena anati tingokhala ndi malikulu awiri, mkulu wina n'kuwayankha kuti mapanga awiri avumbwitsa. Tinatsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinafotokoza za masamba asanu aja, koyamba pagulu. Koma amene anamaliza nkhani ndi apampando athu, mayi amasiye olekezera Sitandade 6, amene tsiku lililonse amadziwa mtengo wa thumba pa Lizulu, pa Chimbiya ndi ku Wakawaka. Anayang'ana mphwanga n'kunena kuti, "Mwana wanga, lero chidindo chikhala ndi iwe, ndipo tikukudziwa. Mawa ukapeza ntchito ina, chidzakhala ndi munthu amene sitikumudziwa, nayenso sakutidziwa. Tsiku limenelo ife tidzakhala aganyu m'minda yathu yomwe."

Tinagwirizana kuti chipinda cha mumzinda tichite lendi, mukhale tebulo, foni ndi zitsanzo za mbatata, koma pachitseko palembedwe kuti nthambi. Chidindo, cheke buku ndi buku la mamembala zimagona kuno, m'sutikesi yachitsulo ya msungichuma. Mtengo umadulidwa kuno. Wofuna kusaina nafe mgwirizano wa chaka azibwera kamodzi kudzaona minda, makamaka nyengo ya mvula.

Taluza nazo, sindibisa. Wogula wamkulu uja anapita kwa ena. Wina anatidikira masiku awiri, lachitatu anagula kwa mavenda. Mphwanga amatopa ndi maulendo, ndipo nthawi zina pafoni ndimamva m'mawu ake kuti akuona ngati tikumukoka malaya. Mwina zaka zikubwerazi achinyamata adzachuluka pa msonkhano n'kusintha zimene tinagwirizana, ndipo udzakhala ufulu wawo. Koma Febuluwale wapitayu, mvumbi utayamba Lachiwiri, komiti inakumana Lachitatu m'mawa pakhonde la tchalitchi, msungichuma anatsegula sutikesi, anyamata awiri anakwera njinga zamoto kupita pa boma, ndipo pofika madzulo mankhwala anali atagawidwa m'midzi yonse itatu.

Sabata yatha mphwanga anatsika minibasi pa Bembeke Turn-off m'mawa kwambiri n'kukwera kabaza, atanyamula mgwirizano watsopano wa hotela ina mu fayilo ya pulasitiki. Apampando tinawapeza kudimba. Anasamba m'manja ndi madzi a m'kheni, anapukutira pa chitenje, n'kukhala pa mzere. Anati ndiwawerengere pang'onopang'ono, ndikumasulira m'Chichewa. Titafika pa ndime yonena kuti hotelayo izilipira pakatha masiku 60, anakweza dzanja.

"Bwerezani pamenepo, achimwene."

Ndinabwereza. Anakhala chete, akuyang'ana madzi akuyenda m'ngalande.

"Masiku 60 mlimi adya chiyani? Feteleza wa kudimba agula ndi chiyani? Auzeni 21. Akakana, 30, osapitirira apo."

Mphwanga anakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, ndipo tinkamumva akulankhula Chingerezi, dzanja lina lili m'thumba chifukwa cha mphepo. Atatsika anati a hotela akufuna afunse kaye akuluakulu awo, ayankha Lachinayi. Apampando anagwedeza mutu, anandibwezera cholembera chisanatsegulidwe, n'kunyamula kheni yawo. Panali patatsala mabedi anayi oti athirire dzuwa lisanakwere.